Mwendo wa Evaristo Njobvu

Lenia anatulukira pakhomo pa amayi ake Lachitatu m'mawa wopanda nsapato, mimba ili kutsogolo, duku lili m'manja. Matilda Sakala anali chiweramire pabeseni akuchapa, ndipo sanaweramuke. Panali patatha zaka ziwiri mwanayo asanapondepo pakhomopo, chikwatiwire ndi kalipentala uja wa Mboni za Yehova n'kusiya korona wake pawindo ngati chinthu chotola m'njira.

"Amama, a Absalom awamanga."

"Nanga si kwanu kuja mumati kumangidwa ni dalitso?" anatero Matilda, uku akufinya malaya.

"Mawa awapereka ku khoti. Akuti anamenya a Evaristo Njobvu na thabwa. Akawapatsa sikisi manzi, a khansolo atilanda nyumba. Manje mwana uyu nizabalira kuti, amama?"

Apa Matilda anaweramuka. Mkamwini wakeyo sankamukonda, ndipo Kamitondo yense ankadziwa, poti Matilda sanali munthu wosunga mawu kukhosi. Koma kudana ndi munthu n'kwina, kumunamizira n'kwinanso. Absalom Daka anali mwamuna woti nkhuku ikalowa m'shopu yake ankachita kuipempha kuti ituluke.

"Khala pansi. Fotokoza bwino, usalire, misozi siimveka."

Lenia anafotokoza. Dzulo lake cha m'ma faivi, Evaristo, tcheyamani wa chipani m'deralo, anabwera ndi anyamata ake kudzagulitsa makhadi. Chinali chaka chachiwiri cha ufulu, ndipo a Mboni, omwe sagula khadi la chipani chilichonse, anali ndiwo za aliyense. Evaristo anauza anyamatawo kuti adikire panja, iye analowa yekha m'shopu. Posakhalitsa kunamveka kukuwa. Anthu atathamangirako anapeza tcheyamani ali pansi atagwira mwendo, thabwa lili pambali, Absalom ataima chilili, sowo ili m'manja.

"Amuna ako anati chani?"

"Anangoti, 'Sininamumenye.' Basi."

"Polowa m'shopu Evaristo amayenda bwanji?"

"Bwino chabe. Anali na ndodo."

"Ndodo? Munthu wa zaka sate-faivi?"

"Amati ni ndodo ya utcheyamani."

Matilda anapukuta manja m'chitenje. Anagwirapo ntchito yomanga mabala zaka khumi ndi zinayi ku kiliniki ya mgodi, mpaka tsiku limene anauza sisitala wachizungu, pamaso pa odwala, kuti akumanga dzanja lolakwika. Anali ndi chilungamo, ndipo anamuchotsa ntchito Lachisanu la sabata yomweyo. Koma miyendo ya amuna yomwe inadutsa m'manja mwake zaka zonsezo panalibe amene akanamulanda.

"Lowa m'nyumba, udye," anatero. "Ine nikaone odwala."

*

Matilda anamupeza Evaristo pakhonde, atakhala pampando wa ndalema, mwendo wamanzere uli pa kastulu utakulungidwa bandeji mpaka m'bondo. Anthu anali atamuzungulira ngati pamaliro, iye akulankhula ngati pamsonkhano.

"Mwendo uyu, abale, si wanga ine. Ni mwendo wa dziko! Amene wamenya mwendo uyu wamenya ufulu!"

"Pepani a tcheyamani," anatero Matilda, akugwada mwaulemu umene sankaudziwa ndi mwini wake yemwe. "Koma wakumangani bandeji uyu ni mdani wa dziko. Wathinitsa. Pofika mazulo zala zizafa."

Evaristo asanatsegule pakamwa, bandeji inali itayamba kale kumasuka. Kukaniza pamaso pa anthu sakanatha, poti aliyense pamenepo anali atamangidwapo bala ndi manja omwewo.

Pakatumba panali mikwingwirima iwiri yakuda, yoyenda limodzi ngati njanji, pakati pake pali mzere woyererako. Matilda anaikapo kuseri kwa dzanja. Sipanali potentha. Anasuntha mwendowo kuti dzuwa liuombe, ndipo m'mphepete mwa zakudazo anaona kubiriwira kumene munthu wosazolowera sangakuone pakhungu lakuda. Kenako anamuvula sokosi.

Kunsi kwa kakolo, m'mbali mwa phazi momwe khungu limayamba kuyera, munali mdima wofiirira wotambalala mpaka kuchidendene, ndipo m'malire mwake munali mwachikasu. Anadinapo ndi chala chachikulu, mwamphamvu ndithu. Evaristo sanagwedezeke.

"Napa anakumenyani?"

"Ee! Paliponse! Anali monga chilombo!"

Mkazi wake Norah, amene anaima pakhomo ndi thireyi, analowererapo. "Mwandi amama, tsoka likatsata munthu. Kuyambira pa Fraide ali gone na malungo, ku nchito ku mgodi osapita, mawa ndiye afunika kubwerera, manje ni ichi futi..."

"Norah! Tiyi!"

Matilda anamanganso bandeji, bwinobwino, poti ntchito ndi ntchito. Podzuka anagwirira ndodo ya utcheyamani ija imene inatsamira pampando. Inali ya mukwa watsopano, ikununkhirabe vanishi, chogwirira chake cholumikizidwa popanda msomali. Ku Kamitondo konse kunali munthu mmodzi yekha wolumikiza mtengo chotero, ndipo munthuyo anagona m'selo.

Evaristo anaona kumene maso a Matilda anali. Anatsitsa mawu kuti anthu asamve.

"Amake Lenia, malo anu a pa maliketi muwakonda?"

"Niwakonda."

"Ndiye nkhani za a Chitawala, a Mboni aja, muzisiye."

Matilda sanatsitse mawu ake. "Iwe Evaristo, khadi langa ninagula boma ya azungu ikali kumanga anthu chifukwa cha khadi. Nthawi ija iwe unali kuvulira kapitawo chisote. Usaniopseze na ufulu, ninauphikira nsomba ufulu umenewo."

Norah anabwerera m'nyumba ndi thireyi yake.

*

Kupolisi anamulola Matilda mphindi zisanu. Absalom anakhala pansi kuseri kwa zitsulo atayang'ana kukhoma, Matilda anaima chammbali atayang'ana kudenga, monga amachitira munthu ndi mpongozi wake. Zipembedzo zinawalekanitsa, koma mwambo uwu onse awiri ankausunga.

"Mwagona bwanji, apongozi?"

"Yehova wanisunga, apongozi."

"Akusungani m'malo onunkha. Ndodo ya Evaristo munapanga liti?"

Absalom anayamba kukanda khoma ndi chikhadabo.

"Nafunsa."

"Apongozi, ninalonjeza munthu kuti sinizakamba."

"Munthu wake ni uyo wakuikani muno!"

"Ee. Koma polonjeza sininati nizasunga mawu ngati iye azakhala wabwino. Ninangolonjeza."

Matilda anaonapo anthu ouma mutu, iye mwini anali mmodzi wa iwo, koma uyu anali wouma mofatsa, ndipo mtundu umenewo ndi umene umapsetsa mtima koposa.

"Mwana wanga ali na mimba ya eiti manzi. Azagona pa msewu chifukwa cha lonjezo lanu?"

Absalom anayankha akuyang'anabe kukhoma. "Sininamumenye. Icho nakamba, ndipo nizakamba na mawa. Chinacho siningathe."

"Chabwino. Khalani nalo lonjezo lanu, mulifunde. Ine sininalonjeze munthu."

Anatuluka ali ndi mkwiyo, komanso ali ndi chimene anadzera. Ndodo inapangidwa Evaristo atavulala kale, ndipo anapempha kuti zisamveke. Funso linatsala limodzi: munthu amabisiranji mwendo masiku angapo, kenako n'kuuika pa stulu kuti tauni yonse iuone?

*

Mikwingwirima ya njanji ija Matilda ankaidziwa. Inkabwera ku kiliniki kawirikawiri, ndipo inkachokera ku ndodo zobulungira za alonda a mgodi. Anakwera basi, ndipo dzuwa lili paliwombo anali pageti, akufunsa za Nicodemus Chanda.

Nicodemus anali msilikali wakale wa nkhondo ya azungu, Mbemba wa ndevu zaimvi amene ankayankha funso lililonse ngati akupereka lipoti kwa mkulu wa asilikali. Matilda anamusokapo chikope kalekale.

"Mwapoleni bamayo!"

"Ba Nicodemus, sabata yatha mwamenyako munthu?"

"Ee mukwai. Pa Fozide, faivi koloko ya m'mawa, kusintha kwa shifiti. Ku sitolo ya mawaya a kopa. Kawalala mmozi, wakuba, saka pa mutu, waya pa phewa. Nati ima. Sanaime. Napatsa imozi."

"Pati?"

"Kumanzere, pa nyama ya kumbuyo kwa mwendo. Anagwa, anauka, anadumpha waya wa mpanda. Nkhope awe, sininaone. Koma ndodo yanga siinama, mukwai. Uyo munthu alipo, ayenda monga bakha."

"Nanga a mgodi achitapo chani?"

Nkhalambayo inaseka, mano awiri okha kuonekera. "Ku chenjausi, bamayo. Uko onse avula, asamba pamozi, kulibe kubisa. Bwana anati yang'anani miyendo. Tayang'ana Fraide, Satade, Mande, kulibe. Manje anati onse ali pa siki, tsiku lobwerera ayambe avula buluku."

Matilda anatseka maso. Zonse zinagwa m'malo mwake. Evaristo anagona kunyumba kudikira kuti mwendo uchire, koma mikwingwirima siimva za masiku a siki. Mawa anayenera kukavula pamaso pa alonda. Ankafunika pepala la polisi lonena kuti anamenyedwa Lachiwiri, ndiponso munthu womunamizira, woti palibe angamuikire kumbuyo. Ndipo munthu yekhayo amene anauona mwendowo usanakhale wa dziko anali wa Mboni, wolonjeza osabweza.

"Ba Nicodemus, muweruka nthawi yanji?"

"Thuu koloko."

"Mubwere ku polisi ya kwathu. Na ndodo yanu."

*

Sajeni Abednego Mwape anali munthu wotopa. Nyota zake za usajeni anazipeza azungu atachoka, ndipo ankazisunga monga munthu amasungira dzira m'thumba. Cha m'ma folo Evaristo anafika kudzasaina sitetimenti, atakoloweka mikono pa anyamata awiri, gulu likumutsata. Anapeza Matilda atakhala kale pabenchi, Nicodemus ali pambali pake, chilili ngati mtengo wa magetsi.

"Ba Sajeni," anatero Matilda, "musanalembe, muone mwendo."

"Mayo, ndimwe dokota?"

"Dokota akabwera azakuuzani zomwezi, koma m'Chizungu, ndipo muzachita manyazi kawiri. Masulani."

"Ba Sajeni, uyu mzimayi ni mpongozi wa wolakwa!" anakuwa Evaristo.

"Ee, ndipo nimuzonda, nidana naye kupambana iwe. Masula."

Kaya chinali chidwi, kaya kutopa, sajeni analoza stulu. Bandeji inamasuka, sokosi inavuka.

Matilda anagwada. "Munthu akamenyedwa khungu osang'ambika, timitsempha ta magazi ta mkati timaphulika. Magazi amatayikira mu nyama, alibe potulukira. Tsiku loyamba pamatupa, pamatentha, pamafiira. Gwirani apa, ba Sajeni. Patentha?"

Sajeni anagwira monyinyirika. "Awe."

"Pakapita masiku thupi limayamba kuwadya magazi aja. Amada, kenaka abiriwira, kenaka achita chikasu, monga nthochi ikamapsa. Pa khungu lathu muziyang'ana m'mphepete, pa dzuwa. Onani apa. Manje onani ku phazi. Apa sanamenyedwepo, ndiye chifukwa nikadina samva. Aya ni magazi a pa katumba, atsika okha pang'onopang'ono chifukwa munthu amaimirira na kuyenda. Ulendo uwu, kuchoka apa kufika ku chidendene na kusintha mtundu, si wa usiku umozi. Tsiku lenileni siningalumbire. Koma dzulo, awe."

"Thupi langa lichira msanga!" anatero Evaristo.

Wina pagulu anaseka, n'kudzitseka pakamwa.

"Ba Nicodemus, ndodo." Matilda anaitenga, naikanikiza mwamphamvu pamkono wake, kenako n'kuichotsa. Panatsala mzere woyera, uku ndi uku kuli kodera. "Mwaona? Ndodo yobulungira imathamangitsa magazi pakati, amakaphulikira m'mbali. Ndiye mizere iwiri. Thabwa ni lafulati, limasiya chigamba chimozi chachikulu. Uyu akuti anamenyedwa na thabwa."

Anagoneka ndodoyo pakatumba pa Evaristo. Inakwana pakati pa mizere iwiri ija ngati inabadwira pomwepo.

Nicodemus anamenyetsa zidendene. "Fozide, faivi koloko, sitolo ya kopa, mwendo wa kumanzere. Ni yanga iyi, mukwai. Nailemba ine."

Sajeni anayang'ana mwendo, anayang'ana gulu, anayang'ana nyota zake. Khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo tcheyamani anali khoswe wa pamkhate weniweni. Matilda anaona mantha akuyenda pankhope ya munthuyo, ndipo sanamumvere chisoni.

"Ba Sajeni, ngati muopa, nenani. Ba Nicodemus apereka lipoti ku mgodi lelo lomwe. Mawa a mgodi azabwera kufunsa chifukwa chake polisi inapatsa kawalala wao pepala lobisalira. Pa pepala pazakhala dzina lanu, osati langa."

Evaristo anayesa kudzuka. "Anyamata, tiyeni! Ichi ni chiwembu cha adani a..."

Koma anyamata aja anali atasuntha kale. Mmodzi, amene bambo ake ankagwira ntchito kusitolo ya kopa komweko ndipo anali atavulidwa buluku katatu masiku amenewo, analavula pansi n'kutuluka. Evaristo anakhalanso pastulu. Anayang'ana phazi lake nthawi yaitali, ngati akuyang'ana m'bale amene wamupereka.

"Ninamuuza kuti anipangire ndodo chabe," anatero motsitsa. "Pa Satade. Iye anayamba kunisambika mwendo, kunipempherera. Ninadziwa kuti tsiku lina azakamba."

"Sanakambe," anatero Matilda. "Mpaka manje sanakambe. Chitsiru chija chinali kupita ku jele na chinsinsi chako m'kamwa."

Sajeni anapumira m'mwamba, natenga makiyi.

*

Absalom anatuluka m'selo pang'onopang'ono, akuphethira. Lenia, amene anali atafika osaitanidwa, anathamanga n'kumukumbatira. Mwamunayo anakoka mpweya m'mano, msana n'kupindika.

Phokoso limenelo Matilda analimvapo kambirimbiri. Anaima.

"Apongozi, vulani shati."

Onse anatembenuka. Lenia anagwira pakamwa. "Amama! Ni apongozi anu!"

"Nidziwa. Vulani."

"Apongozi, palibe kanthu," anatero Absalom, maso ali pansi. "Tiyeni chabe ku nyumba. Nakhululuka."

"Kukhululuka ni kwanu, maso ni anga. Lenia, muvule."

Shati inakwera. Kwa nthawi yoyamba chikwatiwire mwana wake, Matilda anamuyang'ana mkamwini wake mwachindunji, ndipo anamugwira. Pamsana panali njanji zinayi, zotupa, zofiira, zotentha ngati mbale yochoka pamoto. Panalibe kubiriwira, panalibe chikasu. Chimene Matilda anamva sichinali chisoni chokha. Unali ukali wa munthu amene apeza kuti akumenyera wake.

"Dzulo pomugwira, analimbana?" anafunsa.

"Awe, amama," anatero Lenia. "Anapereka manja okha."

"Ndiye izi wazipeza muno."

Patebulo la sajeni, pambali pa buku lalikulu, panagona ndodo yakuda yobulungira. Sajeni anaisuntha pang'ono ndi chigongono, ngati kuti ingabisale kuseri kwa botolo la inki.

"Mayo," anatero mofewa, "munthu wanu watuluka. Nkhani yatha. Pitani bwino."

Matilda anakoka benchi, naikhazika kutsogolo kwa tebulo, nakhala. Anakonza chitenje pamaondo ngati munthu amene wafika pamene ankapita.

"Apongozi anga akhululuka, ni chipembedzo chao. Ine ndine wa Katolika, kwathu munthu amayamba waulula. Tsegulani buku, ba Sajeni. Lembani: mikwingwirima inayi, ndodo yobulungira, ya lelo m'mawa. Dzina la mwini ndodo mulemba mweka, kapena niyese imozi-imozi?"